Tizilombo Toyera Tabweranso M'dimba: Tembenuzani Tsamba Musanapopere

Chaka ndi chaka, mvula ikangotha anthu n'kutsikira kumadimba, dandaulo limakhala lomwe lija: "Tomato wanga wadzaza tizilombo toyera, ndapopera kawiri koma sitikufa." Pofika Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, dandauloli limafika pa mpiru, therere, mabilinganya, papaya, ngakhale maluwa a m'zitini pakhonde.

Chimene chimasokoneza n'chakuti mawu oti "tizilombo toyera" akubisa adani angapo osiyana. Zina mwa zoyerazo si tizilombo n'komwe, ndipo zina ndi abwenzi anu amene akukugwirirani ntchito yaulere. Mankhwala opha uyu samukhudza uyo. Choncho pezani kaye chizindikiro chofanana ndi chimene mukuona m'munda mwanu. Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zalembedwa kuyambira chofala kwambiri mpaka chosowa.

## Kuyeza kwa mphindi zisanu

Pitani m'dimba m'mamawa, tizilombo tisanachangamuke ndi dzuwa.

- Tembenuzani masamba khumi, ena a kunsonga, ena a m'munsi. Pafupifupi adani onse a m'nkhani ino amakhala kunsi kwa tsamba.
- Gwedezani mbewu. Kodi zoyerazo zikuuluka kapena zangokhala phee?
- Tikitani ndi chala. Zikasiya madzi achikasu, obiriwira kapena ofiirira, ndi kachilombo. Zikangochoka ngati ufa popanda madzi, ganizirani matenda kapena makoko amene tizilombo tafundula.
- Yang'anani ngati nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde.
- Jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Maso paokha amanama pa kanthu kosakwana mamilimita awiri.

## Chizindikiro 1: Mukagwedeza mbewu, tinthu toyera tikuuluka ngati phulusa

1. Ntchentche zoyera. Ena amati gulugufe woyera. A sayansi amati Bemisia tabaci. Nthawi zambiri ndi zimenezi. Kamodzi n'kotalika pafupifupi milimita imodzi, thupi lachikasu, mapiko oyera ngati owazidwa ufa. Zimauluka pang'ono n'kuteranso pa mbewu yomweyo kapena yoyandikana nayo. Zimakonda tomato, mabilinganya, therere, nyemba, nkhwani, kholowa, chinangwa, thonje ndi fodya.

Zimene mukuziona zikuuluka ndi gawo lochepa chabe la vuto. Yang'anitsitsani kunsi kwa masamba a pakati ndi a m'munsi: mupeza timamba tophwatalala, tooneka ngati timadontho ta madzi achikasu, tosasuntha. Amenewo ndiwo ana ake, ndipo ndi amene akuyamwa kwambiri. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira oposa 100, ndipo kukamatentha dzira limasanduka ntchentche yoikiranso mazira m'masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha dandaulo lija. Mukapopera kamodzi mumapha zouluka ndi ana ang'onoang'ono, koma mazira ndi ana amene atsala pang'ono kutuluka mapiko amapulumuka. Pakatha masiku asanu, m'munda mwayeranso, inu n'kumati mankhwala anali achinyengo.

Chochita:

- Thotholani masamba a m'munsi amene adzaza timamba, muwaike m'thumba pomwepo n'kukawakwirira kutali. Musawataye m'ngalande ya dimba.
- Poperani madzi a sopo kapena a nimu, kamwa ya sipuleya italoza m'mwamba kuti kunsi kwa tsamba kunyowe. Kakonzedwe kake kali m'munsimu.
- Bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, katatu kapena kanayi motsatizana. Mukadumpha ulendo umodzi, mwayambiranso pachiyambi.
- Tcherani misampha yachikasu. Dulani chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, pakani girizi kapena mafuta omata mbali zonse, n'kuchimangirira pa kamtengo m'mwamba pang'ono mwa nsonga za mbewu. Msamphawu sungathetse mliri pawokha, koma umakuuzani msanga kuti alendo afika.
- Zulani mbewu zakale zimene munasiya kukolola. Tomato wotha ntchito amene wasiyidwa pakona ndi nkhokwe ya ntchentche za bedi latsopano. Udzu wa masamba otambalala wa m'mphepete nawonso upaliridwe.

2. Tizilombo todumpha tobiriwira motuwa. Timapezeka pa therere, mabilinganya ndi thonje. Tikakhala pa tsamba timayenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo m'mphepete mwa tsamba mumachita chikasu kenako n'kupsa. Nimu amathandizanso apa.

3. Nsabwe zamapiko. Zimenezi n'zakuda kapena zobiriwira, mapiko oonekera ngati galasi. Pitani ku Chizindikiro 4.

## Chizindikiro 2: Masamba a kunsonga apiringizika, achita chikasu, mbewu yapinimbira

1. Matenda a vayirasi ofalitsidwa ndi ntchentche zoyera. Pa tomato, masamba atsopano amakhala aang'ono, opindikira m'mwamba ngati supuni, achikasu m'mphepete; maluwa amayoyoka ndipo mbewu imaleka kukula. Pa chinangwa ndi khate lija: masamba a mawangamawanga achikasu ndi obiriwira, opotoka. Kulinso matenda ena a chinangwa amene amaoletsa mizu m'kati, mukadula n'kupeza zofiirira zouma, ofala kwambiri m'madera a m'mbali mwa nyanja.

Palibe mankhwala ochiza mbewu imene yagwidwa kale ndi vayirasi. Wogulitsa akakuuzani kuti ali nawo, sungani ndalama yanu. Zulani mbewu zodwalazo zikadali zochepa, makamaka m'masabata oyamba mutawokera, ndipo muzivindikire ndi thumba musanazule kuti ntchentche zimene zili pamenepo zisabalalike. Pa chinangwa, matendawa amayendanso kwambiri ndi mitengo yobzala, ndiye musatenge mbewu m'munda wa khate ngakhale akupatseni ulere.

Nkhondo ya tomato imapambanidwa ku nazale. Mbande yogwidwa ikadali yaing'ono sidzabereka kanthu, pamene yogwidwa itayamba kale zipatso imakupatsaniko pang'ono. Ikani nazale kutali ndi tomato wakale, ndipo ngati mungathe, muivindikire ndi neti ya mabowo ang'onoang'ono yopangidwira ulimi. Neti ya udzudzu siyothandiza: ntchentche yoyera imadutsa pa mabowo ake mosavuta, komanso netiyo ikufunika kuchipinda kwa ana.

2. Nsabwe kapena kodikodi (onani Chizindikiro 3) wobisala m'nsonga. Tambasulani tsamba lopiringizikalo muone m'kati. Mukapezamo tizilombo, mbewuyo ikhoza kuchira mukatichotsa.

3. Kutentha ndi kuthirira kodumphadumpha. Apa masamba opindika ndi akale a m'munsi, amakhalabe obiriwira, ndipo mbewu ikukula bwinobwino. Si matenda. Thirirani mwa ndondomeko ndi kuphimbira nthaka ndi udzu.

4. Sipuleya imene munapoperamo mankhwala opha udzu. Ngati mbewu zonse zapotoka tsiku limodzi mutangopopera, funsani amene anabwereka sipuleya yanu komaliza.

## Chizindikiro 3: Zoyera ngati thonje m'mphanda za nthambi, m'nsonga kapena pa zipatso

1. Kodikodi. Kachilombo kofewa, kobulungira motalika, kokutidwa ndi phula loyera. Kamayenda pang'onopang'ono kwambiri moti mungaganize kuti n'kakufa. Mukakatikita kamatulutsa madzi ofiirira kapena achikasu. Mitundu yake ndi yambiri: wina wa chinangwa, wina wa papaya, wina wa malalanje, chinanazi, magwafa ndi maluwa a pakhonde. Pa papaya amayamba kunsi kwa masamba motsatira mitsempha, kenako n'kukuta zipatso mpaka kuoneka ngati zapakidwa laimu.

Phula lija ndilo chishango chake. Mankhwala amangotsetsereka osafika pa thupi, n'chifukwa chake sopo kapena mafuta n'zofunika kwambiri kuposa ukali wa poizoni.

- Dulani nsonga ndi masamba ogwidwa kwambiri, muwotche kapena kukwirira.
- Tsukani otsalawo ndi madzi amphamvu, kapena kwechani ndi mswachi wakale woviika m'madzi a sopo.
- Pa maluwa a m'zitini, khudzani kachilombo kalikonse ndi thonje loviika mu sipiriti.
- Pa mitengo ya zipatso, poperani madzi a mafuta ndi sopo kukazizira madzulo.
- Thanani ndi nyerere. Popanda ichi, zina zonsezi ndi kutunga madzi ndi dengu.

Za kodikodi wa chinangwa ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa mbiri yake imaphunzitsa chimene alimi ambiri safuna kumva. Kachilomboka kwawo ndi ku South America. Kanaoneka mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 cha ku Congo, n'kufalikira popanda mdani wokadya. Kuno ku Malawi kanafika m'kati mwa zaka za m'ma 1980, ndipo akuluakulu a ku Nkhata Bay, kumene kondowole ndiye chakudya, amakumbukira njala imene inatsatira. Nsonga za chinangwa zinkangounjikana ngati mfundo, masamba n'kuyoyoka. Chimene chinapulumutsa chinangwa si mankhwala. Akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA, motsogozedwa ndi Hans Herren, anabweretsa kamavu kakang'ono kwambiri kochokera ku Paraguay, kotchedwa Anagyrus lopezi, kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi. Anayamba kukamwaza ku Nigeria mu 1981, kenako m'mayiko ena ambiri kuphatikizapo Malawi, ndipo Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995 chifukwa cha ntchitoyi. Timavu timeneti tilipobe m'minda yathu. Mukapopera poizoni wopha chilichonse pa chinangwa, timayamba kufa ndi ito, kodikodi n'kutsala m'phula lake akuseka.

Musanachite kanthu, fufuzani pakati pa gulu la kodikodi. Mukapeza ena ouma, olimba, abulauni ngati njere ya mpunga wosapuntha, ena ali ndi kabowo, dziwani kuti timavu tayamba kale ntchito. Asiyeni.

2. Ntchentche zoyera zaubweya za pa malalanje ndi mandimu. Kunsi kwa tsamba kumakhala ubweya woyera womata, wosakanikirana ndi timadontho ta uchi. Mukagwedeza nsonga zanthete, zina zimauluka. Tsukani ndi madzi a sopo ndi kudulira mtengo kuti mphepo izidutsa.

3. Kachilombo ka thumba loyera la mizeremizere. Kamakhala pa nthambi za malalanje: mutu wofiirira, kumbuyo kukukoka thumba loyera lokhala ndi mizere yooneka bwino. M'thumbamo muli mazira. Tikakhala tochepa, tichotseni ndi manja.

4. Mwana wa kachikumbu kodya kodikodi. Uyu ndiye bwenzi amene amaphedwa mosalakwa. Nayenso ndi woyera waubweya, koma amayenda mofulumira, ubweya wake ndi wautali wosalongosoka, ndipo mukamuyang'anitsitsa mumupeza akudya anzakewo. Choyera chothamanga pakati pa zoyera zaulesi musachiphe.

## Chizindikiro 4: Ufa wotuwa pa kabichi, repu, mpiru kapena tchayinizi

1. Nsabwe za kabichi. Zimaunjikana mothinana kunsi kwa tsamba ndi mu mtima wa mbewu, zotuwa ngati zagubuduka m'phulusa. Mukatikita, chala chimabiriwira. Zimachuluka nyengo yopanda mvula, kuyambira m'chisanu. Pa kabichi, zigwireni mutu usanatseke. Zikalowa m'kati palibe chozifikira. Thotholani masamba odzaza, tsukani mtima wa mbewu ndi madzi a sopo, bwerezani pakatha masiku anayi kapena asanu. Chepetsaninso feteleza wa yureya: masamba onenepa mofewa ndiwo amene nsabwe zimakonda.

2. Makoko a nsabwe. Tinthu toyera topepuka, tosayenda, tomwazika pamwamba pa tsamba ngati mfundu za m'mutu. Nsabwe zikamakula zimafundula, makokowo n'kugwera pa tsamba la m'munsi. Anthu ambiri amapopera makokowa. Eni ake ali kunsi kwa tsamba la pamwamba pake.

3. Matenda a ufa woyera. Si kachilombo koma nkhungu. Zigamba zoyera zimayamba pamwamba pa tsamba n'kumakula mpaka kukumana, ndipo palibe chamiyendo chimene mungapeze. N'zofala pa nkhwani, nkhaka, therere, nsawawa ndi maluwa a mango. Mankhwala a tizilombo sagwira. Chotsani masamba oyamba kugwidwa, patulirani mbewu zothinana, ndipo ngati zafalikira funsani mankhwala a salufa. Salufa asapoperedwe dzuwa likutentha, kapena pa mbewu imene mwaipopera mafuta m'masabata awiri apitawo.

4. Timatumba toyera pafupi ndi mbozi yofooka. Tooneka ngati timbewu ta mpunga. Ndi ana a timavu todya mbozi. Tisiyeni pomwepo.

## Chizindikiro 5: Timadontho toyera tomatirira pa masamba a mango, tosachoka ndi madzi

Awa ndi tizilombo ta mamba. Kankhani ndi chikhadabo: kachivindikiro kamatukuka, pansi pake pali kanyama kofewa. Pa tsamba pamatsala banga lachikasu, pa chipatso banga lofiirira limene limagwetsa mtengo pamsika. Dulirani mukangomaliza kukolola kuti dzuwa lilowe m'kati mwa mtengo, wotchani nthambi zodzaza, ndipo pa mitengo yaing'ono poperani madzi a mafuta. Musapopere mafuta mtengo uli ndi maluwa. Mamba akufa amakhalabe omatirira kwa miyezi, choncho kankhani angapo muone: ouma m'kati ndi akufa kale.

Ngati madonthowo sakutukuka, mwina ndi zitosi za mbalame, madontho a laimu, kapena zotsalira za mankhwala amene anauma.

## Chizindikiro 6: Masamba akuda ngati mwaye, akumata m'manja, nyerere zili piringupiringu

Chakudacho si matenda a mbewu. Ntchentche zoyera, kodikodi ndi nsabwe zimatulutsa madzi otsekemera, ndipo pa madziwo pamamera nkhungu yakuda imene imatchinga dzuwa. Imachoka mukapukuta ndi nsalu yonyowa. Yang'anani masamba a pamwamba pa akudawo, mupeza mwini nkhani.

Nyerere zimaweta tizilomboti monga momwe ife timawetera ng'ombe za mkaka. Zimamwa madzi otsekemerawo, zimathamangitsa tizikumbu ndi timavu, ndipo zina zimanyamula kodikodi kumusamutsira pa nthambi yatsopano.

- Dulani nthambi zokhudza pansi, mpanda kapena khoma, kuti njira ikhale imodzi yokha, ya pa thunthu.
- Kulungani thunthu ndi pulasitiki yotambalala ngati chikhatho, n'kupaka girizi pa pulasitikiyo. Musapake pa khungwa penipeni, limapsa.
- Onanipo sabata iliyonse. Fumbi ndi masamba zikamatirira, nyerere zimapanga mlatho. Masulani pulasitikiyo nthawi ndi nthawi kuti isamange mtengo.
- M'mabedi, gaulani ndi kuthirira kwambiri pamene pali funkha la nyerere.

## Chizindikiro 7: Tsamba layera, koma kachilombo koyera sikakuoneka

1. Kangaude wofiira. Timadontho toyera tambirimbiri ngati tobaya ndi singano, kenako tsamba limauma, ndi ulusi wopyapyala kunsonga. Gugudani tsamba pa pepala loyera muone timadontho tofiira tikuyenda. Amakonda tomato ndi mabilinganya m'chilimwe, ndipo amachuluka kwambiri pambuyo popopera mankhwala ophera tizilombo a cypermethrin mobwerezabwereza. Amafuna mankhwala akeake.
2. Mbozi zoboola m'kati mwa tsamba. Mizere yoyera yokhotakhota ndi ya mphutsi ya kantchentche, ndipo kawirikawiri siwononga kwambiri. Zigamba zazikulu zoonekera ngati pepala pa tomato, zokhala ndi zitosi zakuda m'kati ndi mabowo pa zipatso, ndi mbozi yotchedwa Tuta absoluta, mdani amene anafika kum'mwera kwa Africa cha m'ma 2016. Sopo samufika. Onanani ndi alangizi.
3. Tizilombo towonda ta pa anyezi. Masamba amachita mizere yotuwa yonyezimira. Kanulani pakati pa masamba pafupi ndi khosi, mutiona tikuthawa.

## Chizindikiro 8: Zoyera zili m'dothi la m'chitini kapena m'chubu

Duwa likamafota ngakhale mukuthirira, lizuleni ndi dothi lake. Zoyera ngati ufa pa mizu ndi m'mbali mwa chitini ndi kodikodi wa m'mizu: tsukani mizu, tayani dothi, tsukani chitini ndi madzi otentha. Ngati ndi tinthu todumpha mukathira madzi, n'tosaopsa. Tikungokuuzani kuti dothi lanyowa mopitirira.

## Kukonza mankhwala a pakhomo

Madzi a sopo. Palani sopo wamba wa ndodo, supuni imodzi yaikulu pa lita imodzi ya madzi. Musungunuleni m'madzi ofunda pang'ono, sefani, dikirani azizire. Sopo amapha kachilombo kokhako kamene wakanyowetsa. Akauma, ntchito yatha. Musagwiritse sopo wa ufa wochapira kapena wokhala ndi mankhwala oyeretsa. Ine ndinatenthapo bedi lonse la tomato ndi sopo wa ufa, nditapopera masana poganiza kuti thovu lambiri ndiye mphamvu. M'mawa mwake masamba anali ngati awauka ndi moto.

Nimu. Njere zimaposa masamba mphamvu. Sinjani magalamu 500 a njere zouma zosenda, zimangeni m'kansalu, ziviikeni m'malita 10 a madzi usiku wonse, finyani, onjezani sopo pang'ono, poperani tsiku lomwelo madzulo. Nimu sagwetsa kachilombo pomwepo. Amakalepheretsa kudya ndi kufundula, ndiye zotsatira muziona pakatha masiku angapo. Mitengoyi ndi yambiri ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Salima. Musausokoneze ndi indiya: nimu ali ndi maluwa oyera ndi zipatso zotalikirapo, indiya ali ndi maluwa ofiirira motuwa ndi zipatso zobulungira zimene ndi poizoni kwa ana ndi ziweto.

Mthuthu kapena deliya. Sinjani kilogalamu imodzi ya masamba, viikani m'malita 10 usiku wonse pamodzi ndi sopo pang'ono, sefani bwino. Mthuthu ndi uja ena amaphera nsomba, choncho usayandikire dziwe, mtsinje kapena chitsime cha m'dimba, ndipo valani zoteteza m'manja. Dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo, n'kuzitsuka bwino.

Madzi a mafuta. Sakanizani makapu awiri a mafuta ophikira ndi theka la kapu ya sopo wamadzi wotsukira mbale, khutchumulani mpaka ziyere ngati mkaka. Tengani supuni imodzi yaikulu pa lita imodzi ya madzi. Ndi wa mitengo ya masamba olimba monga malalanje ndi mango, osati ndiwo zanthete.

Chilichonse mwa izi, yesani kaye pa mbewu ziwiri kapena zitatu, mudikire masiku awiri. Madzi a fodya asiyeni: chikonga chimalowa pakhungu la munthu, ndipo fodya amatha kupatsira tomato ndi tsabola matenda.

## "Ndapopera koma tabweranso"

1. Munanyowetsa pamwamba pokha. Onani kunsi kwa tsamba mukangomaliza kupopera. Ngati n'kouma, mwangosambitsa mbewu.
2. Munapopera kamodzi. Mazira aswa.
3. Tikuchokera kwa anansi. M'dambo limene madimba ndi ogundizana, ntchentche sizidziwa malire. Gwirizanani tsiku lozula mbewu zakale ndi sabata yopopera. Mizere iwiri kapena itatu ya chimanga mozungulira tomato, yobzalidwa masabata angapo tomato asanawokeredwe, imachepetsako zolowa.
4. Tizilombo tazolowera mankhwalawo. Ntchentche zoyera n'zodziwika dziko lonse pa khalidwe limeneli, makamaka pa mankhwala a gulu la cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin. Kusintha dzina la pa botolo si kusintha mankhwala. Werengani dzina la chimene chili m'katimo, lolembedwa m'zilembo zazing'ono. Acetamiprid ndi imidacloprid ndi a banja limodzi, ndiye kusinthanitsa awiriwa sikuthandiza. Kuwirikiza muyezo kumangofulumizitsa vutoli.
5. Munapha adani awo. Chizindikiro chake n'chakuti mliri wachiwiri umaposa woyamba.
6. Mankhwala ndi otha mphamvu kapena osungunulidwa. A m'timabotolo topanda lebulo, opimidwa pamsika, simungadziwe chimene chilimo. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, botolo lotseka, la lebulo ndi tsiku lothera ntchito.

Mukasankha mankhwala ogula, onetsetsani kuti lebulo yatchula mbewu yanu ndi kachilombo kanu, tsatirani muyezo, ndipo werengani masiku oyenera kudikira musanakolole. Pa ndiwo zothyola kawiri pa sabata monga mpiru, nkhwani ndi chigwada, masiku amenewa ndi ovuta kuwasunga, n'chifukwa chake ine pa zimenezi ndimaima pa sopo ndi nimu. Imidacloprid ndi anzake amapha njuchi. Musapopere mbewu ili ndi maluwa, makamaka maungu ndi nkhaka zimene popanda njuchi sizibereka.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana odziwa

Pitani kwa alangizi a zaulimi a ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) ya kwanu, kapena ku chipatala cha mbewu ngati chimachitika pa msika wa kwanuko, zikafika apa:

- Mwapopera moyenera maulendo atatu kapena anayi koma tizilombo tikungochuluka.
- Mbewu zopiringizika zafika gawo lalikulu la munda ndipo simukudziwa ngati muzule zonse.
- Chinangwa chikuola m'kati, kapena mukufuna mbewu yopanda matenda.
- Mwaona kachilombo kachilendo kamene achikulire a m'deralo sakukadziwa, kapena kakufalikira m'minda yambiri nthawi imodzi. Alangizi ali ndi njira yotumizira zoterezi ku malo a kafukufuku monga Bvumbwe ndi Chitedze.
- Mtengo ndi wautali moti mungapopere mutayang'ana kumwamba. Mankhwala amakugwerani kumaso, musayese.
- Mumagulitsa mbande. Nazale yogwidwa imagawira mudzi wonse.

Thamangirani ku chipatala cha anthu, osadikira kuti kuche, ngati amene amapopera kapena mwana amene anakhudza botolo akutuluka thukuta ndi malovu ambiri, akusanza, akuona mwachimbuuzi, akunjenjemera kapena akubanika. Mankhwala a gulu la dimethoate amachita zimenezi ndipo amapha. Muvuleni zovala zonyowa, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta, ndipo nyamulani botolo la mankhwalawo kuti adokotala aliwerenge.

Popita kwa alangizi, tengani masamba atatu kapena anayi, lina longoyamba kugwidwa, lina logwidwa kwambiri, ndi lina looneka labwino, muwaike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino kuti zouluka zisathawire m'minda ya m'njira. Ngati mbewu yonse yapinimbira, izuleni ndi mizu yomwe. Lembani pa kapepala tsiku limene munawokera, feteleza amene munathira, ndi dzina la mankhwala aliwonse amene mwapopera kale, ndi masiku ake.